Kalulu wakhala pamwala, wagwira chibwano

M'munda wa ziboliboli wa National Gallery of Art, mumzinda wa Washington ku America, muli kalulu wamkuwa wamtali kuposa munthu. Wakhala pamwala, thupi lowonda, miyendo yaitali, makutu ali chilili, dzanja lili kuchibwano. Anamuumba ndi Barry Flanagan, mmisiri wobadwira ku Wales, m'chaka cha 1997, ndipo dzina lake ndi Thinker on a Rock. Munthu amene anaonapo chithunzi cha Le Penseur, chiboliboli chotchuka cha Auguste Rodin cha bambo wokhala pamwala ali m'maganizo akuya, akaona kaluluyu amayamba waseka, kenaka n'kubwerera m'mbuyo kuti amuonetsetse. Flanagan sanatenge minofu ya bambo uja, nkhope yake, kapena mapewa ake otakata. Anabwereka chinthu chimodzi basi, kakhalidwe ka pamwala paja, n'kumupatsa kalulu amene iye anali atayamba kale kumuumba mu 1979. Zina zonse n'zake.

Ntchito ya mtundu uwu, youmba nyama polemekeza mmisiri wina, yagona pa muyeso umenewo. Mukabwereka pang'ono kwambiri, palibe amene adziwe kuti mukulemekeza yani. Mukabwereka zambiri, mwakopera, ndipo kanyama kanu kangokhala chophimbira kuba. Chofunika n'kupeza chinthu chimodzi chimene mmisiri mnzanuyo amadziwika nacho, kuchitenga molondola osaphonya, n'kudzaza kotsalako ndi za kwanu.

Za kwathu tili nazo zambiri. Kwa ife a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kalulu si mlendo. Tinakula naye m'nthano za madzulo, akupusitsa njovu, akumwa madzi pachitsime chimene anakana kukumba. Mzungu akaona kalulu wa Flanagan amaseka poti nyama yatengera munthu wanzeru. Ife tikamuona atagwira chibwano choncho timadziwa kuti pali wina amene alire lisanalowe dzuwa. Chiboliboli ndi chimodzi, koma kuno chimanena zambiri kuposa kwawo, ndipo mwayi umenewu sitiyenera kuutaya. Manja nawonso alipo: anyamata oweta ng'ombe amaumba ng'ombe zadothi kudambo, za linunda ndi nyanga zake zomwe, ndipo ana a ku Ulongwe amapinda mawaya n'kutulutsa galimoto yoyenda. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi ziwiri: kudziwa amene tikuyankhula naye m'ntchito yathu, ndi kuumba mwa njira yoti chinthucho chisasweke sabata isanathe.

Chimene mungabwereke

Kakhalidwe ndi njira imodzi chabe. Pablo Picasso anasiya ina, yomwe ndi kapenyedwe. Mu 1942 anatenga chishalo cha njinga ndi mahandulo ake, n'kuzilumikiza, ndipo panatuluka mutu wa ng'ombe yamphongo. Mu 1950, ali ku Vallauris kum'mwera kwa France, anapanga mbuzi yaikazi: mimba inali dengu, msana unali tsamba la kanjedza, mabere anali timitsuko tiwiri tadothi, ndipo zonsezi anazimata ndi pulasitala zisanakatsanulidwe mu mkuwa. Chaka chotsatira anatenga tigalimoto tiwiri toseweretsa ta mwana wake Claude n'kupanga mutu wa nyani. Wofuna kulemekeza Picasso sabwereza mbuzi yomweyo ayi. Amayenda pamsika ndi kwa okonza njinga, maso ali pansi, kufunafuna chinthu chimene chili kale ndi maonekedwe a nyama: khasu lakutha ndi chipumi cha ng'ombe, chikwakwa ndi mchira wa tambala, tcheni cha njinga ndi msana wa ng'ona. Lamulo lake ndi lakuti chinthucho chizionekabe chimene chili. Woonera aone chishalo ndi ng'ombe nthawi imodzi. Mukachidula, kuchipinda, kuchipaka penti mpaka chishalo chija chitasoweka, chosangalatsa chonse chapita.

Ku Portugal, Joana Vasconcelos amatenga nyama zadothi zonyezimira za Rafael Bordalo Pinheiro, woumba amene anamwalira mu 1905 koma fakitale yake ya ku Caldas da Rainha ikupangabe achule, nkhanu, mavu ndi abuluzi ake, n'kuziveka zoluka zonga tinsalu tija amayi amayala patebulo ndi pamipando. Apa olemekezedwa ndi awiri: woumba wakale uja, ndi amayi oluka amene maina awo salembedwa m'nyumba zoonetseramo zaluso. William Wegman wa ku America anachita zapafupi kuposa onsewa. Galu amene anamupeza mu 1970, yemwe anakhala akumujambula kwa zaka zoposa khumi, anangomutcha Man Ray, dzina la katswiri wina wojambula zithunzi.

Malire nawo alipo, ndipo amene anawaoloka ndi munthu wotchuka kwambiri pa nyama zoseketsa. Jeff Koons ndi uja anapanga Balloon Dog, galu wachitsulo chonyezimira wooneka monga wopindidwa ndi chibaluni, amene mmodzi mwa asanu anagulidwa madola 58.4 miliyoni a ku America mu 2013. Mu 1988 Koons yemweyu anatenga khadi lokhala ndi chithunzi cha Art Rogers, cha bambo ndi mayi atanyamula ana agalu 8, n'kulitumiza kwa amisiri a ku Italy kuti aseme chimodzimodzi. Agaluwo anawapaka mtundu wa buluu, nanena kuti akuseka nazo chikhalidwe cha masiku ano. Mu 1992 khoti la apilo linagamula kuti wakopera. Kusintha mtundu wa penti sikunamupulumutse, chifukwa anatenga chithunzi chonse, ndipo dzina la mwini wake sanalitchule.

Athu a m'dziko muno

Palibe chifukwa choti ulemu wathu uzingopita kutsidya kwa nyanja. Malangatana Valente Ngwenya, wobadwira ku Matalana mu 1936 n'kumwalira mu 2011, ali ndi dzina loitana nyama lokha: Ngwenya ndi ng'ona, ndipo ife ndi anthu a m'chigwa cha Zambezi. Chizindikiro chake ndi kudzaza. Pachithunzi cha Malangatana palibe malo opanda kanthu. Nkhope yapanikizana ndi nkhope, maso aakulu, mano, zikhadabo, mitundu yofiira ndi yachikasu yotentha. Ng'ona yadothi imene mamba ake onse ndi tinkhope topanikizana, yosasiya ndi kachidutswa komwe kosalemba, aliyense wa ku Maputo aidziwa msanga. Koma apa pafunika kudekha. Zilombo za Malangatana sizinabadwe m'chisangalalo. Apolisi achinsinsi a atsamunda, a PIDE, anamutsekera m'ndende miyezi 18 kuyambira mu 1964, ndipo mano aja akunena za nthawi imeneyo. Ng'ona yanu ikhoza kumwetulira, koma tinkhope ta pamsana pake tisakhale toseka tonse. Mukaseketsa chilichonse mwamuchotsera munthuyo chimene anavutikira.

Reinata Sadimba, Mmakonde wobadwira ku mapiri a Mueda mu 1945, ali pafupi kwambiri ndi manja a amayi a kuno. Anayamba ndi miphika ndi mitsuko monga amayi ena onse, kenaka mitsukoyo inayamba kumera mitu, mikono ndi ana kumsana, nkhope zili ndi mphini za Chimakonde. Chobwereka kwa iye ndi kusandulika kumeneko: chiwiya chimene chili pakati pa kukhala mtsuko ndi kukhala chamoyo. Mtsuko umene khosi lake likupitirira n'kukhala khosi la nkhanga, mawanga ake obooledwa ndi kamtengo, ndi ulemu womveka kwa mayiyu. Mphini za Chimakonde zisiyeni. Ndi za anthu ake, ndipo si zokongoletsera nkhanga.

Chimodzimodzi ndi zilombo za gule wamkulu. Bungwe la UNESCO linalengeza guleyu mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo alendo ambiri akamva kuti mumaumba nyama amafunsa za kasiyamaliro kapena njovu. Zimenezo si zidole, ndipo eni ake alipo: mfumu ndi akuluakulu a kudambwe. Popanda mawu awo, yankho n'lakuti ayi. Nyama za m'nthano, za m'khola ndi za mumtsinje zikutikwanira.

Fisi woganiza: kuyambira pa mtapo mpaka pamoto

Kalulu wogwira chibwano ndi wa Flanagan kale, ndipo nyani wokhala pamabuku akuyang'ana chigaza anamuumba Hugo Rheinhold wa ku Germany cha m'ma 1893. Amene sanakhalepo pamwala wa Rodin ndi fisi, chitsiru cha m'nthano zathu, amene amapusitsidwa chaka ndi chaka osaphunzira. Kumukhazika pansi kuti aganize ndi nthabwala imene mwana wa kuno aimva popanda womufotokozera. Dothi nalo limamukonda: khosi lake ndi lonenepa, makutu ndi aafupi, palibe chothyoka msanga. Ena sangamuike pabalaza chifukwa cha nkhani za ufiti, choncho dziwani ogula anu. Njira ili m'munsiyi igwiranso ntchito pa chule kapena pusi.

Yambani ndi kuyang'anitsitsa chithunzi cha Rodin, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Chigongono cha dzanja lamanja chatsamira pantchafu ya kumanzere, osati ya kumanja. Chibwano chagona kuseri kwa dzanja, osati m'chikhatho. Dzanja lamanzere langolendewera pabondo lamanzere, ndipo zala za kumapazi zakanirira mwala. Kupingasa kwa mkono kumeneko n'kumene kumapotoza msana ndi kuonetsa kuti thupi lonse likugwira ntchito yoganiza. Mukaika chigongono chamanja pabondo lamanja, fisi wanu aoneka ngati munthu wodikira chapa (minibasi) pamsewu, ndipo Rodin wasowamo.

Pa chiboliboli cha masentimita 30 konzani makilogalamu 6 kapena 7 a dothi lokanda. Mtapo wa kudambo kumene amayi oumba mbiya amakumba ndiwo woyamba kuuyesa, popeza unayesedwa kale ndi mibadwo. Uumitseni, muusinje, muusefe pa waya wa udzudzu, kenaka muuviike masiku awiri kapena atatu. Timiyala toyera totsala pasefa tidonthezereni viniga. Tikachita thovu ndi laimu, ndipo dothi limenelo lifunika kusefedwa mosamala kwambiri. Kamwala ka laimu kakapsa pamoto waukali kamasanduka laimu wamoto, kamayamwa chinyezi cha mumpweya, n'kufufuma, ndipo patapita masabata angapo chiboliboli chili pashelefu mudzaona kachidutswa katagamphuka, pakati pali kadontho koyera. Ambiri amaganiza kuti wina wachigwetsa.

Pa makapu anayi aliwonse a dothi louma thirani kapu imodzi ya mapale osinja, timibulu take tosapitirira mamilimita 2. Mapale anapsa kale, sachepanso, ndipo amatsegula tinjira totulukira nthunzi. Mukakanda, yesani kawiri. Koyamba, pindani kachingwe ka dothi konenepa ngati chala mozungulira chala chanu. Kakathetheka, dothi lachuluka mchenga, sakanizani ndi lonona. Kachiwiri, umbani kathabwa kadothi, lembanipo mizere iwiri yotalikirana masentimita 10, kaume. Mukapeza kuti mizere yayandikana kufika pansi pa masentimita 9.2, dothilo likuchepa kupitirira 8 pa 100 alionse, ndipo lidzang'ambika pa chiboliboli chokhala ndi mbali zonenepa ndi zowonda. Onjezerani mapale.

Musaike waya kapena chitsulo mkati mwa dothi loti liotchedwe. Dothi likamauma limachepa, waya sachepa, ndipo mng'alu umatsata wayayo kuchokera kumutu mpaka kumchira. Ngati pafunika chochirikiza, imikani kamtengo kokulungidwa ndi nyuzipepala, kamene mudzakasolola. Umbani mwala ndi fisi pamodzi, zodzaza mkati, ndipo muyambe ndi mzere wa msana ndi kupingasa kwa mkono musanakhudze nkhope. Maso ndi mawanga ndi zomaliza.

Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, dothi likalimba moti chala sichikulowanso koma chikhadabo chikulemba, dulani chibolibolicho pakati ndi waya wopyapyala, pamalo opanda zokongoletsa zambiri. Kombani mkati ndi supuni mpaka khoma litsale la sentimita imodzi ndi theka, osapitirira awiri paliponse, ngakhale m'mutu. Kandani m'mphepete monse mwa zidutswa ziwirizo ndi foloko, pakanipo phala la dothi lomwelo, phatikizani mwamphamvu, n'kutseka mzerewo ndi kachingwe ka dothi. Mphako ya m'mutu, ya m'thupi ndi ya m'mwala zilumikizane, ndipo pansi pakhale bowo loti chala chilowe.

Malo amene amavutitsa pa kakhalidwe aka ndi mkono wamanja. Wagwira kuchibwano kumtunda, wagwira kuntchafu kumunsi, pakati uli pamphepo mbali zonse. Umauma msanga kuposa thupi, umafuna kufupika, koma mbali zonse ziwiri zaugwira, choncho umaduka pamfundo ya dzanja. M'mawa mumapeza kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, ndipo kumata ndi dothi lonyowa sikuthandiza, kamabweranso. Njira yake n'kuuteteza usanaduke: mkonowo usachepere masentimita awiri kunenepa kwake, uumbidwe ndi dothi lofewa mofanana ndi la thupi, ndipo muukulunge ndi kansalu konyowa pang'ono ndi kapulasitiki kwa sabata yoyamba, kuti thupi liyambe ndilo kuuma. Amene wasankha kalulu achite zomwezo ndi makutu, ndipo ndi bwino khutu limodzi litsamire pa linzake kapena pamsana.

Nthawi yomweyi, dothi lisanaumiretu, ndi yokulungiza. Mwala wosalala wa kumtsinje kapena kuseri kwa supuni kumapatsa mphuno ndi mapewa kunyezimira kosafuna vanishi. Mwala wokhalapo usiyeni wokhakhala kuti thupi lionekere.

Kuumitsa kumasiyana ndi kumene muli. Ikani chiboliboli panyuzipepala kapena pamchenga wouma kuti tsinde lizitha kutsetsereka likamachepa; likamatirira pathabwa limang'ambika pansi. Sabata yoyamba chikhale m'nyumba, chofunditsidwa pulasitiki momasuka, kenaka masabata awiri pamthunzi chosafunda. Ku Angónia ndi ku Tsangano mu Juni ndi Julayi, kukazizira ndi nkhungu, onjezerani sabata ina. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, vuto ndi lina: kunja kumauma tsiku limodzi mkati muli chinyezi, choncho pulasitiki ikhalepo masiku khumi. Poyesa, gunditsani tsinde patsaya. Likamveka lozizira, madzi akadalimo.

Zambiri zimene zimaphulika pamoto zimaphulika m'mphindi zoyamba, ndipo wolakwa ndi madzi. Pa madigiri 100 madzi otsala amasanduka nthunzi, ndipo ikasowa potulukira imaswa khoma. Choncho tsiku lootcha chiboliboli chiyambe chakhala padzuwa, kenaka pafupi ndi makala maola awiri kapena atatu, mukuchitembenuza ndi kuchisendeza pang'onopang'ono mpaka chitatentha moti simungachigwire ndi manja. Yalani nkhuni zouma, ikani chiboliboli pamapale, chiphimbeni ndi mapale ena aakulu kuti lawi lisachimenye mwachindunji, kenaka unjikani ndowe zouma, zitsononkho ndi nkhuni zing'onozing'ono, udzu pamwamba. Otchani madzulo mphepo itagona. Moto wapabwalo umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900, ndipo pa madigiri 573 mchenga wa m'dothi umafufuma mwadzidzidzi pokwera, n'kuchepanso potsika. Mphepo yozizira ikaomba mbali imodzi pa nthawi imeneyo, mbaliyo imang'ambika. N'chifukwa chake chiboliboli sachifukula usiku ngakhale mtima ukufuna. Chigone m'phulusa mpaka m'mawa. Mukafuna fisi wakuda, moto ukangotsika mufotsereni ndi utuchi kapena madeya kuti utsi ulowe m'dothi. Mukamusiya pampweya atuluka wofiirira, wa mawanga a utsi apa ndi apo, omwe pa fisi amakhala bwino kwambiri.

Chikazizira chigogodeni ndi chikhadabo. Kulira kwa ngwee ndiye kuti chapsa. Kulira kogonthera ndiye kuti sichinapse kapena chili ndi mng'alu wobisika. Dothi lootchedwa chonchi limamwa madzi, choncho ndi la m'nyumba. Phula la njuchi lopaka chikadali chofunda limakwanira.

Mbuzi ya ku Tete

Chigawo chino chimadziwika ndi mbuzi dziko lonse, ndiye woyenera kuyankha mbuzi ya Picasso ndi ife. Lichero lakutha likhale nthiti, nsungwi ikhale msana, zikho ziwiri zikhale mabere, mizu yopindika ikhale nyanga. Cholakwika chofala ndi kumata zimenezi ndi simenti. Nsungwi ndi zikho zimamwa madzi a simenti, zimafufuma, zimang'amba khungu lisanalimbe, kenaka zimauma n'kusiya mphako. Zomera zimayenda ndi mapepala, zitsulo zimayenda ndi simenti.

Mbuzi ya mapepala ikhale ya m'nyumba. Sungunulani kapu imodzi ya ufa wa chinangwa m'makapu asanu a madzi ozizira, phikani mukutakasa mpaka phala liyere mbee ndi kunanda, thiranimo supuni yaikulu ya mchere kuti nkhungu ichedwe. Mapepala a khaki ang'ambeni ndi manja m'tizidutswa ta masentimita atatu m'lifupi. Odula ndi sizasi amasiya mizere yooneka. Matani magawo asanu ndi atatu, koma awiri okha patsiku, chifukwa mukaunjika onse nthawi imodzi mkati mumaola. Siyani mbali ina ya lichero poyera kuti kalukidwe kake kazioneka, apo ayi Picasso wasowa. Ufa umaitana chiswe, mphemvu ndi makoswe, choncho magawo awiri omaliza amatidwe ndi guluu woyera wa matabwa, uja m'sitolo amati cola branca, miyeso iwiri ya guluu pa muyeso umodzi wa madzi, ndipo mbuziyo iime pathabwa, osati padothi.

Ya panja, pasukulu kapena pakhomo la malo odyera, ifuna mafupa a chitsulo cha mamilimita 8, miyendo yowotcherera ku felemu ya pansi, ndi waya wa khola la nkhuku wokutira kawiri. Matope ake ndi muyeso umodzi wa simenti pa miyeso itatu ya mchenga wa kumtsinje wotsuka. Gawo loyamba likanikizeni mpaka litulukire kuseri kwa waya, mulikande, lachiwiri mawa lake, zonse pamodzi masentimita atatu. Chitsulo chilichonse chikwiririke ndi sentimita imodzi ndi theka kapena kuposa. Chikayandikira kunja chimachita dzimbiri, dzimbiri limafufuma, ndipo mwendo umasweka m'litali. Ifunditseni masaka onyowa masiku 7, ndipo m'chigwa cha Zambezi muziwanyowetsa katatu patsiku. Penti idikire masiku 28. Penti ya mafuta pa simenti yaiwisi imasanduka yonanda n'kusupuka. Ya madzi ya panja ndiyo imagwira.

Za zitsulo zotola pali chenjezo limene kuno silingasiyidwe. Ambiri anaona zithunzi za Tree of Life, mtengo wopangidwa ndi mfuti zodulidwa umene uli ku British Museum, nyumba yosungiramo zakale ya ku London, pansi pake pali tinyama ta zitsulo zomwezo. Anaupanga Kester, Hilario Nhatugueja, Fiel dos Santos ndi Adelino Serafim Maté a ku Núcleo de Arte, bungwe la amisiri la ku Maputo, ndi zida zimene zinasonkhanitsidwa pa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu imene Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa mu 1995. Zida zimenezo zinayamba zaphedwa ndi odziwa ntchitoyo. Dziko lino linalengezedwa mu 2015 kuti minda yodziwika ya mabomba okwirira yatha, koma chitsulo chachilendo chofukulidwa m'munda sichotola, sichogogoda, sichowotcherera. Kauzeni amfumu ndi apolisi. Wofuna kulemekeza amisiri anayi aja agwiritse ntchito makasu ndi zikwanje zakutha. Thanki yomwe munali mafuta isayandikire moto wa wowotcherera, ndipo chitsulo chokutidwa ndi zinki, monga malata ndi mapaipi a madzi, chiwotchereredwe pabwalo, chifukwa utsi wake umadwalitsa.

Kachikwangwani

Ntchito yolemekeza wina siinathe ngati dzina lake silinalembedwe. Pakhadi loima pambali, ndiponso pansi pa tsinde dothi likadali lofewa, lembani dzina lanu, chaka, zipangizo, ndi mawu akuti "Polemekeza Auguste Rodin", kapena m'Chipwitikizi "Homenagem a Auguste Rodin" kwa ogula a ku Tete, Beira ndi Maputo. Khadi limatayika, tsinde limayenda ndi chiboliboli. Rodin anamwalira mu 1917, ndiye ntchito zake n'zomasuka kwa aliyense. Picasso anamwalira mu 1973, Flanagan mu 2009, Malangatana mu 2011, ndipo lamulo la Mozambique limateteza ntchito ya mmisiri zaka 70 iye atamwalira. Kubwereka kapenyedwe kapena kudzaza kwa chithunzi sikuphwanya lamulo. Kujambula nkhope yeniyeni ya pachithunzi chakutichakuti pamsana pa ng'ona yanu n'kumagulitsa makumi awiri kufuna chilolezo cha mwini wake kapena banja lake.

Palinso amisiri amene lamulo siliwadziwa koma ife timawadziwa. Pafupifupi mudzi uliwonse wa ku Domue kapena Furancungo uli ndi agogo amene mtsuko wawo umazindikirika patali chifukwa cha mizere ya pakhosi pake. Mukafuna kuika mizere imeneyo pa nkhanga kapena pa kamba wanu, pitani mukakhale pansi, mupemphe. "Agogo, ndimafuna ndibwereke kalembedwe kanu aka, ndikaike pa chinthu chimene ndikuumba, ndipo dzina lanu ndilembapo." Akavomera, afunseni dzina limene akufuna lilembedwe, popeza ena amakonda la mfunda kuposa la pachitupa. Asonyezeni chibolibolicho chisanapite kumsika, ndipo mugwirizane nawo za gawo lawo la ndalama mtengo usanatchulidwe kwa wogula. Kawirikawiri agogo omwewo ndi amene angakuuzeni dambo la mtapo wabwino, mwezi woyenera kukumba, ndi mtengo umene nkhuni zake zimapsa mofatsa osaswa mbiya.